Mitanda Iwiri ya Sopo

3 Febuluwale

Kabudula mlongo wanga,

Moni kumeneko, iwe ndi alamu. Kuno tadzuka. Mapasa akudya ngati akulipidwa, ine msana ndi womwe uja. Usayambe kugwira m'thumba poona kalata yanga, ukudziwa kuti sindilembera zopempha. Ndikufuna nkhani za mwana wanga basi. Mwanapiye sanandilembere chibwerereni kutchuthi. Akudya? Akuwerenga? Chaka chino ndi cha mayeso omaliza, umuuze kuti sindinamutumize kwa amalume ake mumzinda kuti akaphunzire kupenta zikhadabo.

Tsono khala pansi ndikuuze. Andikwezera malipiro! Ine amene! Zaka zonsezi ndakhala ndikusita mabedishiti a mahotela kochapira zovala kuja, nthunzi ikundiphika nkhope, manja ali zipsera zokhazokha, palibe anandiuzapo ngakhale zikomo. Abwana athu a Mataye ukuwadziwa, si unkakhala nawo benchi imodzi kusukulu? Munthu amene amawerenga mapegi madzulo aliwonse tisanaweruke. Lachisanu anandiitanira mu ofesi, tayi ili pakhosi kutentha konseku, n'kundipatsa kapepala ka malipiro. Ndinayang'ana nambala, ndinayang'ananso. Ndinati abwana, apa mwalakwitsa. Iwo osandiyang'ana n'komwe, akuti, "Mumagwira ntchito bwino, mayi. Pitani." Mlongo wanga, ndinakalira kuseri kwa makina owumitsira. Bambo a anawa akanakhala moyo akanandinyamula m'mwamba.

Ndagulira mapasa nsapato, aliyense zake. Usiku woyamba anagona atazivala. Zotsala zapita ku lendi. Chakudya ndiye khadi la boma lija likutigwirabe dzanja monga kale: ufa, nyemba, mafuta, pena mkaka. Mu Epulo ndikukalikonzetsanso ku ofesi ya chithandizo, amafuna timapepala ta malipiro ta miyezi itatu. Ulendo uno ndikatipereka mutu uli m'mwamba.

Mawu ako aja sindinaiwale, usaganize kuti ndakalamba. Tsiku lomwe tinaika maliro a bambo a anawa, unauza alamu kukhitchini kuti achemwaliwa ndi dzenje, ukaponyamo ndalama sumva ndi kugwa komwe. Khoma lake linali la matabwa, ine ndinali kuseri kwake. Ndalama zako ndinakubwezera kawiri, ndipo ukadzatumizanso ndidzabwezanso. Zoti Mwanapiye akudya kwako ndi za iwe ndi mdzukulu wako, ine sizindikhudza. Ndangoti udziwe kuti dzenje lija lero alikwezera malipiro.

Ndine,
Achemwali ako


17 Febuluwale

Achemwali,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu, ngakhale inafika ikuluma kumapeto. Kuno tili bwino. Alamu anu akupereka moni. Kugalaja mabasi akufa tsiku ndi tsiku, ndiye ife amakaniko tili moyo.

Mwanapiye akuwerenga mpaka kuiwala kuti pamoto pali poto. Sabata yatha tinadya nyemba zopserera chifukwa cha buku la sayansi, palibe anadandaula. Aphunzitsi ake akuti akapitiriza chonchi, za unamwino zomwe amalota zija zitheka. Zikhadabo ndaziyendera ndekha, zilibe penti.

Za malipiro ndasangalala kwambiri, mwina kuposa inu. Zinakuyenerani kalekale. A Mataye ndi munthu wabwino mkati, kungoti mkatimo ndi mwakuya. Musawafunsefunse chifukwa chake, angadzidzimuke n'kusintha maganizo.

Za dzenje zija, achemwali, papita zaka zinayi. Ndinalankhula nditatopa, ngongole ya bokosi ili pamutu panga. Ndinapepesa pakamwa, ndinapepesa m'kalata. Inu ndi amene munandilera amayi atatisiya, munkandisokera kabudula mmodzi yemwe uja mpaka anthu anandipatsa dzina lomwe ndifa nalo. Lero sopo wanga yemwe simungamulandire. Chabwino, sindikakamiza. Mungondiuza saizi ya nsapato za mapasa, ndizingodziwa ngati malume wawo. Nanga mphumu ya wamng'ono wa mapasawo ili bwanji?

Mlongo wanu


11 Epulo

Kabudula,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa, koma mtima wanga ukuwira. Andichotsa pa khadi la chakudya.

Ndinapempha theka la tsiku kuntchito n'kulawirira ku ofesi ija. Iwe sungaidziwe. Mabenchi anayi, fani yosazungulira, ndi windo lagalasi lokhala ndi kabowo kam'munsi, koti uzilankhulirapo utawerama ngati ukupepesa. Nambala yanga itaitanidwa ndinapereka timapepala tanga titatu, ndinali nditatisita kumene, ndikumwetulira ngati chitsiru. Mtsikana wa pawindo anatayipa, anasiya, anatayipanso.

Akuti, "Mayi, pakhomo mulipo angati?"

Ndinati ana atatu ndi ine.

Akuti, "Ogona ndi kudya m'nyumbamo."

Ndinati ndiye atatu, wamkulu ali kwa amalume ake kusukulu.

Akuti, "Pepani, mwadutsa mzere."

Mzere wanji? Anandilozera chipepala chomata pakhoma. Banja la anthu atatu lisamapeze zoposa apa pamwezi, la anayi apa, la asanu apa. Amawerenga malipiro onse asanadulidwe kanthu, za lendi alibe nazo ntchito. Ndinamufunsa kuti ndadutsa ndi zingati. Atanditchulira ndinaseka mpaka anthu a pabenchi anatembenuka. Kabudula, ndi mtengo wa mitanda iwiri ya sopo! Mitanda iwiri ya sopo yandilanda ufa, nyemba ndi mafuta a mwezi wathunthu. Zomwe anandiwonjezera a Mataye sizigula ngakhale theka la zomwe khadi linkatipatsa.

Ndinati mwana wanga, kodi mimba za mapasa nazo zadutsa mzere? Iye akuti si ine mayi, ndi kompyuta. Ndinati ndiitanire kompyutayo tikambirane. Mlonda anayamba kuyandikira akukonza lamba.

Koma mtsikanayo si woipa, ndisamunamizire. Anatsitsa mawu n'kundiuza njira. Akuti popeza ndadutsa pang'ono, ndichite apilo. Ndisonkhanitse malisiti a mankhwala a mphumu a wamng'ono, amenewo amachotsera pa malipiro, ndibwere nawo pamodzi ndi kapepala ka malipiro ka mwezi uno. Apilo ndi imodzi yokha. Ikakanika amatseka fayilo miyezi isanu ndi umodzi.

Mzimayi wina pabenchi, wosamufunsa n'komwe, akuti bwanji osangouza abwana anu akubwezereni pa malipiro akale, ife tonse timatero. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndalama imeneyo ndinaiwotchera manja, sindibweza. Dziko lanji limeneli loti munthu akagwira ntchito bwino azikapempha kuti amutsitse?

Malisiti ndawapeza m'chitini cha mabatani, ndipo akukwana. Malipiro akangokhala momwe alilimu, khadi libwerera. Usatumize kanthu. Ndakulembera kuti ndipume, chifukwa mapasa sangamve zimenezi. Mwanapiye usamuuze.

Achemwali ako


19 Epulo

Achemwali,

Moni mwachangu, ndikulemba nditaimirira. Kalata yanu ndaiwerengera pansi pa basi, manja ali girizi, ndipo ndinatukwana mpaka abwana a galaja anathamanga kudzaona amene wavulala. Anthu a maofesi amenewa amadya kwawo? Ana awiri akule ndi mphepo chifukwa cha sopo?

Musadandaule. Ine mtima ukundiuza kuti zinthu zisintha mwezi uno womwe. Boma likatseka dzanja si ndiye kuti manja onse atha. Mwanapiye sindinamuuze, akuwerenga. Mundilembere mukangolandira malipiro, ndikufuna kumva.

Mlongo wanu


2 Meyi

Kabudula,

Moni. Mtima wako uja unakuuza zoona, zinthu zasinthadi. Uwuuze usiye kulosera.

Tsiku lomaliza la apilo linali lomwelo lolandira malipiro. Ndinatenga envelopu kwa a Mataye ili yomata, osaitsegula, n'kuthamangira basi. Mtsikana wa pawindo anandizindikira. Anawonkhetsa malisiti onse bwinobwino n'kunena kuti, "Apa ndiye zatheka, mayi, mwabwerera pansi pa mzere." Ndinayamba kuthokoza, ndinamudalitsa iye ndi ana omwe sanabereke. Kenaka anang'amba envelopu ija. Anandiyang'ana ngati ndamunamiza.

"Mayi, akukwezeraninso?"

Andikwezeranso, mlongo wanga! Kawiri chaka chisanafike ndi pakati pomwe! Malisiti a mankhwala sanathenso kufikira. Apilo yakanika, chidindo chagwa, akuti ndidzabwere mu Novembala. Ndinatuluka osatsanzika aliyense, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ndikuyankhula ndekha mumsewu.

Usaganize kuti zowonjezerazo zikukwana. Pa malipiro okwera adulapo msonkho wokwera. Mwininyumba wamva kuti ndakwezedwa, wabwera kale kudzayendera denga akumwetulira. Mapasa akudya kamodzi, madzulo, m'mawa ndi tiyi wopanda kanthu. Wamkulu wa mapasawo dzulo wandifunsa ngati khadi linatayika, akuti andithandize kulifuna pansi pa bedi.

Kuntchito nako kwanunkha. Anzanga a pa simbi asiya kundisungira malo pa nkhomaliro. Wina wapeka kanyimbo kakuti ena amasita mabedishiti, ena amasita mataye. Ine, mayi wa ana atatu, imvi zili mbuu! Koma nanenso ndikudzifunsa. Munthu amene amatidula malipiro tikawotcha pilo mmodzi, angandikwezere kawiri chifukwa chiyani? Mawa ndikulowa mu ofesi mwake. Andiuze chomwe akufuna kwa ine, ndipo andibwezere pa malipiro akale kuti Novembala adzandipeze ndili pansi pa mzere wawowo. Inde, ndanena ndekha. Mzimayi wa pabenchi uja akanandimva akanaseka mpaka kugwa.

Mwanapiye ali bwanji? Undiuze zabwino zokhazokha.

Achemwali ako


4 Meyi

Iwe,

Moni ndilibe lero.

Ndinalowa, ndinatseka chitseko. Ndinati abwana, ndine wamasiye koma sindine wamasiye wa aliyense, ndiuzeni ndalama izi n'zachiyani. A Mataye anamasula tayi, koyamba chiwadziwireni. Akuti, "Mayi, musandinyoze. Ine sindinakukwezereni ngakhale khobidi limodzi. Ndalamazo amatumiza ndi mlongo wanu mwezi ndi mwezi, ine ndimangoziwonjezera pa kapepala. Anandigwira mwendo kuti ndisakuuzeni. Mwezi wathawu watumiza zochulukirapo, akuti muli pa mavuto."

Kabudula. Iwe Kabudula! Ndinakusambitsa ine, ndinakupukuta mamina ine, lero wandisandutsa choseketsa? Ndinauza msewu wathu wonse kuti thukuta langa laoneka. Ndinakulembera iwe amene ndikudzitama, iwe n'kuyankha kuti zinandiyenera kalekale. Unkaseka polemba? Munkawerengera limodzi ndi alamu kukhitchini kwanu kuja?

"Mumagwira ntchito bwino, mayi." Mawu amenewo ndinawadikira zaka zonsezi, ndinawalirira kuseri kwa makina, ndipo nawonso unachita kugula ndiwe.

Khadi lija sindinkachita nalo manyazi. Bambo a anawa ankadulidwa msonkho mpaka tsiku lomwe anagwa pantchito, inenso amandidula. Linali langa. Iwe unabwera mozemba ngati wakuba, wakuba wobweretsa, n'kulanda ana anga chakudya ndi chifundo chakocho.

Ndinapempha a Mataye alembe kalata ku ofesi yonena zoona. Akana. Akuti akavomera kuti ankalemba malipiro abodza, a msonkho awatsekera kampani, tonse a pa simbi tikhala pamsewu. Ndinabwerera kwa mtsikana wa pawindo. Akuti ngakhale kalatayo ikanabwera sikanathandiza, chifukwa ndalama ya m'bale ikamabwera mwezi ndi mwezi imawerengedwa ngati malipiro. Njira yotsegulira fayilo Novembala asanafike ndi imodzi yokha, banja likasintha. Tikakhala anayi ogona ndi kudya m'nyumba muno, mzere umakwera, khadi limatuluka sabata yomweyo. Ndinamuuza kuti ndilibe munthu wachinayi woti ndimuwononge.

A Mataye ndawauza kuti ndalama yako ikabweranso aibweze komwe yachokera. Ndabwerera pa malipiro akale, opanda khadi. Wasangalala? Usandilembere.


12 Meyi

Achemwali,

Mwati ndisalembe, ndalemba. Moni ndikupatsani, mukafuna mubweze ngati ndalama zija.

Inde, ndinali ine. Sindinaseke. Kuyambira Januwale ndagwira ntchito Lamulungu lililonse, ndikugona pansi pa mabasi a eni, kuti ndalama imeneyo ipezeke. Alamu anu sankadziwa n'komwe. Adziwa dzana, nawonso sakundiyankhula. Ndiye ndili ndi azimayi awiri okwiya, zikomo kwambiri.

Za mzere sindinkadziwa. Ndine makaniko, sindinaweramepo pawindo limenelo. Kalata yanu ya apilo ija ndinaiwerenga mothamanga, ndinangoona kuti ana alibe chakudya, n'kuthamangira kukatumiza zina. Pamenepo ndinalakwa, ndipo zikundidya mumtima.

Koma inunso mundimve, chifukwa nanenso ndakwiya. Mwanapiye atabwerera kutchuthi anandiuza kuti mapasa akusinthana nsapato, uyu lero, uyu mawa. Anandiuza kuti inu mumamwa madzi otentha n'kunama kuti mwadya kuntchito. Ndikanatani? Ndikatumiza pakhomo mumabweza. Munanditsekera chitseko, ndinalowera pawindo, lero mukunditcha wakuba. Anatseka chitsekocho ndani? Mawu amodzi oipa ndinawalankhula zaka zinayi zapitazo, inu mwawasunga, mukuwasita tsiku ndi tsiku kuti asachite makwinya. Ana akugona ndi njala kuti inu mupambane mkangano ndi ine.

Za boma mumalandira osachita manyazi, mukuti ndi msonkho wanu. Nanga zaka zomwe munandidyetsa ine, munasiya sukulu kuti ine ndipite, umenewo sunali msonkho? Boma libweze, ine ndisabweze?

Ndiuzeni chochita, ndichita. Koma musandiuze kuti ndikhale chete ndikudya katatu pa tsiku.

Mlongo wanu, kaya mufune kaya musafune


24 Meyi

Achemwali,

Moni. Positi ndikuyenderako mpaka wogulitsa masitampa wayamba kundipukusira mutu ndisanalowe. A Mataye andibwezera ndalama yanga ndi kakalata konditukwana. Mapasa akudya chiyani? Yankhani, ngakhale ndi chipongwe chomwe, ndilandira.

Mlongo wanu


1 Juni

Amayi,

Ndikupatsani moni, ndi mapasa omwe. Ine ndili bwino. Musawakalipire amalume, sanandiuze kanthu. Ndinamva ndekha akukangana ndi anti kukhitchini. Khoma la kuno nalo ndi lopyapyala.

Ndamva kuti tikakhala anayi khadi limatuluka. Wachinayi ndine. Samu imeneyi ndi yosavuta kuposa zomwe timachita kusukulu. Ndalongedza kale. Ndalama ya basi ndili nayo, ndinagulitsa dikishonale ndi nsapato za masewero. Ndibwera Loweruka pa 14. Mayeso akuyamba pa 23, koma ndidzalemba chaka china, kapena osalemba, anamwino alipo ambiri.

Poyamba ndimaganiza zopempha a Mataye andilembe ntchito yopinda mabedishiti, koma ndamva kuti malipiro anga nawonso angawerengedwe n'kutidutsitsanso mzere. Ndiye ndizingokhala pakhomo. Ntchito yanga ikhala kugona ndi kudya m'nyumbamo kuti andiwerenge.

Amayi, ndakwiya nanu, ndinene. Kuno Lamulungu timadya nyama, ine ndikamameza ndimaona mapasa. Inu ndi amalume mukukokana, koma chingwe chake ndife. Makalata awo awiri simunayankhe. Yangayi musavutike kuyankha, ndikupezani konko.

Mwana wanu,
Mwanapiye


3 Juni

Achemwali,

Ndapeza chikwama cholongedza pansi pa bedi lake. Ndamulanda ndalama ya basi, iye akuti ayenda wapansi. Ndi mwana wanu ameneyu, ayendadi. Mabuku watseka. Ine sakundimvera, ndipo sindingamumange pa mwendo wa tebulo. Mwatsala ndinu.

Mlongo wanu


7 Juni

Kabudula mlongo wanga,

Moni, iwe ndi alamu. Uwauze alamu akuyankhule, mlandu uwu ndi wa ine ndi iwe.

Choyamba umuitane mwana ameneyo, umuwerengere apa mokweza. Iwe Mwanapiye, ukaponda pakhomo pano mayeso asanathe upeza chitseko chokhoma, ndipo ndikawauza a ofesi ndekha kuti sugona kuno. Sindinawotche manja zaka zonsezi kuti iwe udzakhale nambala pa chipepala cha pakhoma. Masula chikwamacho. Dikishonale ukaiwombole lero lomwe. Wakwiya nane, chabwino, kwiya uku ukuwerenga.

Tsopano iwe. Ndikadakwiya, usanamizidwe ndi moni. Ndakwiyira iwe, ndakwiyira a Mataye, ndakwiyira munthu amene anakhala pa mpando wofewa n'kujambula mzere uja atakhuta. Ndikanamudziwa ndikanamutumizira mitanda yake iwiri ya sopo kuti aphike adye.

Kalata iyi ndaiyamba n'kung'amba, kuiyambanso n'kung'amba. Lachitatu wamng'ono anagwa pa asembule kusukulu, aphunzitsi anabwera naye kochapira atamubereka. Sinali mphumu. Anandifunsa pamaso pa anzanga onse kuti mwanayu wadya chiyani m'mawa. Za kusita mawu zija unanena zoona, ndipo usayembekezere kuti ndikuthokoza.

Dzulo ndinakaweramanso pawindo lija ndi funso limodzi. Ndinati mwana wanga, m'bale akatumiza ufa, osati ndalama, kompyuta yanuyi imauona? Anati kompyuta imawerenga ndalama zokha, thumba ilibe polilemba.

Ndiye tamvera, chifukwa sindibwereza. Ndikupempha. Unditumizire ufa, nyemba, mafuta ndi shuga pang'ono, mwezi uliwonse mpaka Novembala. Usadzere kwa a Mataye, usadzere kwa abusa, usadzere pawindo. Upatse kondakitala wa basi ya m'mawa. Ulembe dzina langa pathumbapo ndi zilembo zikuluzikulu, lako pansi pake. Ndikalitenga ndekha kudepoti, ndidzalisenza pamutu kudutsa mumsewu wathu dzuwa likuswa mtengo, ndipo aliyense wofunsa ndidzamuuza kuti ndinapempha kwa mlongo wanga.

Thumba lililonse likafika ndidzakulembera kuti lafika. Unkadandaula kuti ukaponya sumva kugwa. Uzimva tsopano.

Ndine,
Achemwali ako

Nsapato za mapasa zija ndinagulitsa mu Meyi. Unafunsa saizi mu Febuluwale, ndi nambala folo. Izi sindinapemphe, ndangoyankha funso.